Nkhope ya a Damiyano ndi kabuku kochokera ku Joni

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene malume anga a Wayisoni anabwerako ku Joni. Chinali chaka chimene akuluakulu ankangokhalira kukamba za Chitaganya, nandolo atayamba maluwa, manachesi atapsa m'mitengo kuseri kwa nyumba. Mudzi wathu unali pamwamba, m'mapiri a ku Neno, moti munthu wochokera ku Lisungwi tinkamuona adakali kutali, akukwera chitunda pang'onopang'ono. Tsiku limenelo tinaona anthu atatu. Awiri ananyamulizana bokosi lachitsulo pamtengo, wachitatu ali pambuyo atavala jekete ndi chipewa ngakhale kuti dzuwa linali litawala. Mayi anangoona kayendedwe kake, n'kusiya lichero pansi.

M'bokosimo munali zimene aliyense wobwera ku Joni ankabwera nazo: mabulangete awiri, nsalu ya mayi, sopo wonunkhira, kalilole ndi nyali yagalasi. Bambo anali kuntchito ku Limbe, choncho mayi ndiwo analandira mlongo wawoyo ndi katundu wake yense. Galasi la nyali linali litakulungidwa m'mapepala kuti lisasweke panjira. Malume atalimasula anandiponyera mapepalawo kuti ndikakolezere moto. Ndinapita nawo kukhitchini. Pakati pa nyuzipepala zofwifwa panali kabuku kopyapyala kopanda chikuto, ndipo nditakatsegula ndinaiwala za moto.

Kufikira tsiku limenelo zithunzi zimene ndinkazidziwa zinali za kusukulu ya mishoni: mbusa atanyamula mwana wankhosa, chingalawa chili pamadzi, ndi mapu okhomedwa pakhoma. Izi zinali zina. Tsamba lililonse linagawidwa m'timabokosi ngati timawindo, ndipo m'kawindo kalikonse munali anthu akuchita kanthu. Mawu ankatuluka pakamwa pawo m'timitambo toyera. Mitundu yake inali yofiira, yobiriwira ndi yachikasu, ndipo ukayandikitsa diso unkaona kuti ndi timadontho tating'ono tothithikana. Pepala linali lokhakhala, likununkhira sopo wa m'bokosi muja. Munali mwamuna wooneka bwino wovala tayi, tsitsi atapesa mosalala. Munali mkazi wa tsitsi lachikasu. Kenako munali dambo, dzanja likutuluka m'matope, ndi chinthu chooneka ngati munthu chikudzuka m'madzimo, nkhope itaonongeka mbali imodzi, diso loyera, mano ali pamtunda. Patsamba lomaliza chinthucho chinali kukokera mwamuna wa tayi uja m'dambo.

Ndinakatseka msanga. Kenako ndinakatsegulanso. Ndinakabisa mu udzu wa denga la khitchini, pamene mwaye unali wochepa.

Patapita masiku atatu malume anandipeza nako kuseri kwa nkhokwe. Ndinaganiza kuti andikalipira, koma anaseka.

"Ndi komiki imeneyo," anatero. "Kukomponi tinkapatsirana. Ana a azungu akatopa nato amataya, anzathu ogwira ntchito m'nyumba zawo n'kutola. Ena amagula m'masitolo. Munthu wosadziwa Chingerezi amangotsata zithunzi basi."

"Nanga zikunena chiyani, malume?"

"Ine ndidziwa bwanji? Ndinapita kukakumba miyala, osati kusukulu. Koma usaonetse amayi ako."

Chingerezi changa chinali cha Sitandade 1. Ndinkatha kutola mawu awiri atatu m'timitambo tija, otsalawo ayi. Choncho ndinapanga nkhani yangayanga. Mwamuna wa tayi ndinamuyesa munthu wabwino, poti anali waukhondo ngati aphunzitsi. Chinthu cha m'dambo chija ndinachiyesa mfiti yodzuka kwa akufa kudzagwira anthu osalakwa.

Ndinali mwana wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo pamasewera a fulaye ndinkasankhidwa kumapeto. Tsiku loyamba limene ndinatengera kabukuko kumtsinje, kumene tinkatunga madzi tikaweruka kusukulu, zonsezo zinasintha. Atsikana anasiya mitsuko m'mphepete mwa madzi n'kundizungulira pamwala. Anyamata oweta mbuzi anamva, nawo anatsetsereka. Palibe amene ndinkamulola kugwira pepala. Ndinkatsegula ndekha tsamba ndi tsamba, ndikuchedwa dala ndisanafike pamene dzanja likutuluka m'matope. Tiana tating'ono tinkabisa nkhope m'nsalu za azikulu awo, kenako n'kusuzumiranso. Tsiku lililonse nkhani inkakula. Lero mfitiyo yagwira anthu awiri, mawa asanu. Ndinkapatsidwa nzimbe, mbatata yootcha, manachesi. Sindinayambe ndamvapo kukoma kotero, kokhala munthu amene ena akudikira kuti atsegule pakamwa.

Kumunsi kwa mudzi wathu, pafupi ndi njira yopita kumtsinje, kunkakhala a Damiyano. Anali mkamwini wochokera ku Matope. Ntchito yawo inali yokhoma zitini: kumata ndowa zodontha, kuika zogwirira pa mapoto, kupanga tinyali ta koloboyi. Anapita kunkhondo ku Burma ali mnyamata, ndipo kumeneko galimoto yonyamula petulo imene ankayendetsa inapsa iwo ali m'kati. Anapulumuka, koma mbali yakumanzere ya nkhope yawo inatsala yosalala ndi yonyezimira, khutu litafota, diso litayera, mlomo utakokedwa moti mano ankaoneka ngakhale atatseka pakamwa. Akazi awo anamwalira chaka cha njala yaikulu, n'kuwasiyira mwana mmodzi, Dalesi, amene ndinkakhala naye benchi imodzi kusukulu. Mwa mwambo, mkamwini akaferedwa amabwerera kwawo, koma a Lameki, mlongo wa malemuwo, anawalola kukhala kuti alere mwana.

Ife ana sitinkawaopa. Tinakula tikuwaona choncho. Tinkakhala pachisakasa chawo kudikira tizidutswa ta chitini topangira mawilo a timagalimoto, iwo akuimba mluzu wosamveka bwino chifukwa cha mlomo uja.

Tsiku lina kumtsinje, nkhani itafika pachimake, kamnyamata ka zaka zisanu, Pitala, mwana wa a Lameki, kanandifunsa ngati anthu otero alikodi. Anyamata akuluakulu anali atayamba kutopa nayo nkhaniyo, ndipo mmodzi anati zonsezo n'zabodza za azungu. Ndinaona kuti gulu langa likutha. Dalesi sanabwere tsikulo. Ndinaloza chithunzi chija n'kunena kuti, "Alipo. Kodi a Damiyano simuwaona? Anafa kunkhondo, anawakwirira, n'kudzukanso."

Feliya, mnzanga wapamtima, anayandikitsa nkhope papepala n'kunena motsitsa kuti, "Eti diso lake n'lomwelo." Tinanyamula mitsuko, ndipo pobwerera palibe amene anadzera njira ya pachisakasa. Tinazungulira m'munda wa chinangwa.

Ine ndinkadziwa kuti ndanama. Chodabwitsa n'chakuti m'mawa mwake, nditawaona a Damiyano akubwera ndi ndowa paphewa, ndinathawira kuseri kwa nyumba. Nkhope inali yomwe ija, koma maso anga anali ataphunzira kuiona mwa mtundu wina.

Pasanathe sabata ziwiri pachisakasa panalibenso mwana. Anyamata anayamba kugenda denga lake ndi zibuma n'kuthawa. Kusukulu Dalesi anayamba kutchedwa mwana wa mtembo. Sanalire pamaso pathu. Ankangopukuta sileti yake ngakhale inali yoyera kale. Tsiku lina anandifunsa ngati ndikudziwa kumene mawuwo achokera, ine n'kupukusa mutu. Sabata yotsatira malo ake pabenchi anali opanda munthu.

Kenako Pitala anadwala malungo. Thupi linatentha kwambiri moti ankabwebweta. A Damiyano anapita masana kukamuzonda, atanyamula tinachesi m'thumba, monga mlamu aliyense akanachitira. Atangowerama pakhomo, mwanayo anakuwa n'kukakamira mayi ake, akuti wakufayo achoke, wabwera kudzamukokera m'madzi. Panali amayi angapo odzazonda matenda, ndipo onse anamva. Akuluakulu sankadziwa za kabuku kanga. Iwo anamva mwana wodwala akutchula munthu, ndipo masiku amenewo zimenezo sizinali zazing'ono. Anthu anayamba kukumbutsana kuti akazi a a Damiyano nawonso anamwalira mosadziwika bwino. Anaiwala kuti chaka chimenecho panafa anthu ambiri. Ndowa zodontha zinayamba kupita kwa mmisiri wa ku Chifunga, ulendo wa tsiku lathunthu.

Ndinamva mapeto ake ndikupeta mphale, mayi akusinja ndi mnzawo. Mnzawoyo anati a Lameki agamula kuti a Damiyano akangothyola nandolo wawo abwerere ku Matope, ndipo Dalesi atsale, pakuti mwana ndi wa kuchikazi. Mayi anati nkhaniyo siikuwamvekera, munthu wakhala nafe zaka zonsezi. Mnzawo uja atapita ndinafunsa kuti Dalesi azikhala ndi yani. Mayi anaimika musi mumtondo n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Esinati, masiku atatu tsopano ukungotola chakudya ngati nkhuku yodwala. Ukudziwapo chiyani?"

Ndinakwera pa mtondo wakale, n'kusolola kabukuko padenga la khitchini. Ndinafotokoza zonse, mamina ndi misozi zili pamodzi. Mayi sankadziwa kuwerenga. Anakhala pakhonde n'kutsegula tsamba lililonse mosafulumira, kufikira lomaliza. Ndinkadikira ndodo, ndipo ndikanailandira mokondwa, chifukwa ndodo imatha msanga. Iwo anangotseka kabukuko.

"Tenga ndowa yodontha ija. Tenganso bukuli. Tiye."

Dzuwa linali litapendeka pang'ono. Tinatsetsereka mudzi wonse anthu akutiona, ine patsogolo ndi ndowa, mayi pambuyo. Pachisakasa tinapeza a Damiyano akuwongola waya, poti ntchito ina panalibe. Dalesi anali pakhonde akusenda chinangwa, ndipo atandiona analowa m'nyumba. Mayi anagwada n'kupereka moni.

"Bambo a Dalesi, ndowa iyi ikudontha. Koma mwanayu ali ndi mawu oti akuuzeni kaye."

Ndinalankhula nditayang'ana pansi, pa tizidutswa ta chitini tomwazika pafumbi. Ndinanena za kumtsinje, za funso la Pitala, ndi mawu anga onse monga ndinawanenera. Nditamaliza, a Damiyano anatambasula dzanja kuti ndiwapatse kabukuko.

Anakayandikitsa ku diso lawo labwino. Milomo yawo inayamba kugwedera, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti akuwerenga. Sindinkadziwa kuti a Damiyano amadziwa Chingerezi. Anachiphunzira kuusilikali, ndiponso m'chipatala mmene anagona miyezi yambiri. Anawerenga kabuku konse ife tili chikhalire.

"Kunkhondo asilikali achizungu ankawerenga timabuku totere," anatero, "koma tinali ta ngwazi zomenyana ndi toseketsa. Toopsa chonchi n'tatsopano. Ndiye iwe unati ndikufanana ndi uti?"

Ndinaloza ndi chala. Anayang'anitsitsa chithunzicho.

"Eya, pang'ono ndithu. Koma mnzangayu makutu ake onse alipo."

Mayi anagwira pakamwa. Ine sindinadziwe ngati n'koyenera kuseka. Kenako a Damiyano anandiuza kuti ndisendere, n'kuyamba kundimasulira kawindo ndi kawindo, chala chawo chakuda ndi mwaye chikuyenda pansi pa timitambo. Patsamba loyamba panali amuna awiri, ndipo anali pachibale. Wa tayi uja anali wamng'ono, ndipo ankasirira munda ndi mkazi wa mkulu wake. Anamunyengerera kuti apite kukasaka kudambo, n'kumukankhira m'matope akuya, iye n'kubwerera kumudzi akulira kuti mbale wake wasowa. Chinthu chodzuka m'dambo chija anali mkulu wakeyo. A Damiyano anandionetsa kawindo kena kamene ine ndinkakadumpha chifukwa munalibe choopsa: wakufayo akudutsa pafupi ndi kamwana kotunga madzi, osakakhudza. Ankafuna munthu mmodzi yekha.

"Waona? Woipa ndi waukhondoyu. Iwe unaiwerenga chadodolido."

Anatseka kabukuko n'kukaika pabondo.

"Komanso amene anajambula izi sanaonepo munthu wakufa. Ine ndinawaona ambiri. Sakhala aukali chonchi. Amangogona ngati ana otopa." Kenako anayang'ana mayi. "Nkhope iyi nditaiona koyamba pa kalilole wa kuchipatala, ndinaiopa inenso. Kwathu ku Matope ana ankathawa. Kuno ana anakula akundiona, ankabwera kudzakhala pano mpaka kundisowetsa pogwirira ntchito. N'chifukwa chake ndinkati kuno ndiye kwathu."

Sanandikalipire. Anatenga ndowa ija, n'kuiyang'anitsa kudzuwa kuti aone pobooka, n'kuuza mayi kuti akaitenge mawa.

Ndinkayesa kuti chilango chatha, koma mayi sanakhotere kunyumba. Anatumiza mwana kukaitana malume, ndipo tonse atatu tinapita kwa a Lameki. Kumeneko ndinafotokozanso, pamaso pa a Lameki, akazi awo ndi amayi ena amene anali pakhomopo. Ndinaonetsa chithunzi chimene Pitala ankachiona tsiku ndi tsiku kumtsinje. Malume anavula chipewa n'kunena kuti pepalalo linabwera m'bokosi lawo, ndipo analiona m'manja mwa mwana koma anangoseka. A Lameki anagwira kabukuko ndi nsonga za zala ngati chinthu chotentha.

"Ndiye mukuti tonsefe, ndi imvi zathuzi, tayendetsedwa ndi pepala lokulungira galasi?"

Mayi anangonena kuti mwana wotentha thupi amatchula chimene chili m'mutu mwake, ndipo chimene chinali m'mutu mwa Pitala anachiikamo ndi mwana wawo. Anawonjezera kuti kuli bwino Pitalayo apite kuchipatala cha mishoni m'malo mofunafuna munthu. M'mawa mwake malume anamubereka Pitala kumsana mpaka kuchipatalako. Anamupatsa kwinini, ndipo patatha sabata anali kuthamangitsa nkhuku.

Masiku otsatira mayi ananditumiza kumtsinje ndi lamulo limodzi: aliyense amene anamva bodza langa amvenso kuchokera pakamwa panga kuti linali bodza. Zinali zowawa kuposa kwa a Lameki. Anyamata anandiseka, Feliya anakhala masiku osandilankhula, ndipo palibe anandipatsanso nzimbe. Ndinawafotokozera nkhani yeniyeni ya abale awiri aja, koma sinawakomere ngati yanga ija. Ena anaimvera, ena anachoka ndisanamalize.

Aphunzitsi atamva anabwera kunyumba Loweruka. Anati anawerenga m'nyuzipepala kuti ngakhale ku Mangalande abusa ndi makolo akudandaula ndi timabuku totere, ndipo n'koyenera kutentha kabuku kanga kaja. Mayi anavomera. Anakaika pansi pa mphika wa nandolo masana omwewo, ine ndikuona. Kanapsa msanga, ndi lawi lobiriwira m'mphepete.

Za kubwerera ku Matope sizinakambidwenso. Sindinamve kuti wina anapita kukapepesa. Chimene ndinaona n'chakuti tsiku lina a Lameki anatsetsereka ndi ketulo yothyoka chogwirira, n'kukhala pachisakasa mpaka dzuwa kupendeka. Ndowa zinayambanso kubwera. Ana ena anabwerera, makamaka aang'ono amene anaiwala msanga, koma sanachulukenso ngati kale. Dalesi anabwerera kusukulu patatha mwezi, n'kupempha aphunzitsi kuti amusinthe benchi. Tinkapatsana moni, tinkaimba limodzi kutchalitchi, koma sanadzandibwerekenso pensulo yake ya sileti.

Nditakula ndinakhala mphunzitsi, ndipo m'kuwerenga kwanga ndinadzadziwa mbiri ya timabuku timeneti. Tinachuluka ku Amereka nkhondo itatha, n'kuwoloka nyanja kupita ku Mangalande ndi kumaiko ena, mpaka kamodzi kanakwera phiri lathu katakulunga galasi la nyali. Tambiri tinali ndi nkhani zonga ija: munthu wochita choipa mobisa, choipacho n'kumutsata. Makolo kumeneko anachita mantha kuti tikuononga ana, panakhala mikangano yaikulu, ndipo pasanathe zaka zambiri tinaletsedwa kapena kuchepetsedwa ukali. Ndamva kuti masiku ano anthu ena amatisunga ngati chuma, ndipo ojambula ndi opanga mafilimu ambiri amati anaphunzirira pamenepo. Sindikudabwa. Amene anajambula dzanja lija ankaidziwa ntchito yake. Mpaka lero ndikhoza kulijambula pamtima.

Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza kuti nkhaniyi inatha bwino. Munthu sanathamangitsidwe, mwana anachira, ine ndinaphunzirapo. Ndinkaifotokozanso kwa ana a m'kalasi mwanga, ndipo ndinkaikometsera pa nthabwala ya makutu ija.

Ndinadzakumana ndi Dalesi pamsika wa ku Lisungwi tonse tili ndi zidzukulu. Tinakhala pamthunzi n'kukamba za anthu amene anatisiya. Bambo ake anali atamwalira kalekale, ali nkhalamba, ndipo anaikidwa m'mudzi mwathu momwemo. Ndinalimba mtima n'kumufunsa ngati ankaikumbukira nkhani ya kabuku kaja.

"Sanaitchulepo ngakhale kamodzi," anatero. "Za iwe ankati ndiwe mwana wanzeru, udzakhala mphunzitsi. Koma kuyambira chaka chimenecho anatembenuza mpando wawo. Ankagwira ntchito atafulatira njira, kuti ana odutsa asamawaone kumaso. Anachita zimenezo mpaka manja atasiya kugwira nyundo."

Ndinadutsa pachisakasa chimenecho kwa zaka zinanso zisanu ndisanachoke pamudzi, ndipo sindinazindikirepo. Dalesi sananene mokwiya. Anangonena monga munthu akunena za mvula ya chaka china, kenako n'kundifunsa za ana anga.

Aphunzitsi aja ankati cholakwa chinali m'pepala, ndipo maiko akuluakulu anaganizanso chimodzimodzi. Mwina ali ndi mbali yawo, pakuti chithunzi chimalowa mwa mwana mozama kuposa mawu. Koma m'kabuku kaja munalibe dzina la a Damiyano. Ndinaliikamo ndine, masana dzuwa likuwala, chifukwa choopa kuti anzanga asiya kundimvera. Bodzalo ndinalibweza khomo ndi khomo, anthu n'kuvomera kuti linali bodza, ndipo a Damiyano anandikhululukira tsiku lomwelo. Chimene sindinathe kuwabwezera ndi mudzi umene ana ake ankawayang'ana kumaso osaona kanthu kachilendo. Umenewo unalipo umodzi wokha, ndipo ndinauononga ndi mawu osakwana khumi ndi awiri.